Tisamangokomedwa ndi mapu a lidar, tizifunsa amene anasankha madontho

Akonzi,

Ndiloleni nane ndiponyepo mawu pa nkhani ija munatulutsa yokhudza lidar, ija imanena kuti masiku ano ndege kapena droni ikangodutsa m'mwamba basi, kompyuta imatulutsa mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka mwatchutchutchu. Zambiri m'nkhaniyo zinali zoona ndithu, koma pomwe munati kompyuta imachita zonse yokha, aaa pamenepo ndiye ndakana. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, kutenga madontho a lidar n'kuwasandutsa mapu a nthaka omwe mainjiniya a misewu, a madamu ndi owerengera za kusefukira kwa madzi amagwiritsa ntchito, nde ndikudziwa kuti pakati pa ndege ija ndi chithunzi chokongola chomwe munaika pa tsamba paja pali munthu amene anakhala pa mpando n'kumasankha kuti ili ndi dontho la nthaka, ili ayi, apa nditseke chonchi, apa ndisiye. Akasankha mosamala mapuwo amathandiza kwambiri, akasankha mothamanga mapuwo amanama, ndipo chomvetsa mutu n'chakuti onse awiri pa sikirini amaoneka okongola chimodzimodzi.

Tigwirizane kaye pa chomwe makinawo amabweretsa ndege ikatera, chifukwa sabweretsa mapu ayi. Makina a lidar amathira kuwala kwa laser pansi, kuthwanima kambirimbiri, maulendo masauzande mazanamazana pa sekondi imodzi, kuwalako kukagunda chinthu kumabwerera ndipo makinawo amawerenga nthawi yomwe kwatenga kupita ndi kubwera. Popeza kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, nthawi ikadziwika mtunda nawo wadziwika. M'ndegemo mulinso GPS yonena pomwe ndegeyo ili, ndi kachipangizo kena kotchedwa IMU konena mmene yapendekekera pa nthawiyo, zonsezi zikaphatikizidwa mumapeza dontho limodzi lokhala ndi manambala atatu, kum'mawa mwakuti, kumpoto mwakuti, kukwera mwakuti. Madontho otere amakhala mamiliyoni kapena mabiliyoni amene, ndi omwe timawatchula kuti point cloud. Amasungidwa mu fayilo ya LAS yomwe bungwe la ASPRS la ku United States linakhazikitsa mu 2003, ngakhale ambirife timatumizirana LAZ, yomwe ndi LAS yomweyo koma yofinyidwa kuti ichepe, ntchito ya malemu Martin Isenburg amene anamwalira mu 2021. Bambo ameneyo anapulumutsa ma hard drive a anthu ambiri zedi.

Tsono vuto limayambira apa: kuwala kuja sikudziwa chomwe kwagunda. Kaya ndi denga, kaya ndi nthambi, galimoto yoima pa msewu, waya wamagetsi, mbalame yomwe imangodziulukira pansi pa ndege, zonsezo zimalowa mu fayilo ngati madontho basi, opanda dzina. Ubwino wa lidar ndi woti kuthwanima kumodzi kumatha kubwerera kangapo, mbali ina igunda masamba a pamwamba n'kubwerera, ina ipitirira pa mpata igunda nthambi ya m'munsi, yotsalayo ikachita mwayi ifika pansi penipeni. Apa anthu amakonda kunena kuti lidar imaboola masamba, sizoona, imangodutsa m'mipata, ndipo pomwe palibe mpata sifika pansi olo pang'ono. Komanso musaganize kuti kubwerera komaliza ndiye nthaka nthawi zonse, pa denga kubwerera koyamba ndi komalizanso, ndipo m'nkhalango yowirira komalizako kumatha kukhala nthambi yomwe ili mamita angapo m'mwamba.

Pa madontho omwewa pamatuluka zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Mukatenga madontho apamwamba okhaokha mumapeza DSM, momwe muli madenga, mitengo ndi milatho, zonse monga mmene zikuonekera kuchokera kumwamba. Mukachotsa zonsezo n'kutsala ndi nthaka yokha mumapeza DTM. Wofuna kudziwa ngati mlongoti wa foni ufikitsa netiweki kuseri kwa nyumba zitalizitali amafuna DSM, wofuna kudziwa komwe madzi a mvula adzathamangire amafuna DTM, ndipo a zankhalango amachotsera DTM pa DSM kuti apeze kutalika kwa mitengo. Koma anthu ambiri amangoti DEM pa zonse ziwiri, n'kupatsana fayilo osafunsana kuti ndi iti, ndipo ndaonapo ndi maso anga ma contour, mizere yolumikiza malo okwera mofanana, a pulani ya msewu atazungulira mitengo umodzi umodzi ngati ndi timapiri, wojambulayo osadabwa n'komwe kuti bwanji timapiri take tonse n'tofanana kukula.

Nde ntchito yaikulu, yomwe imadya nthawi kuposa zina zonse, ndi yogawa madontho m'magulu. Mu LAS dontho lililonse lili ndi malo a nambala ya gulu lake: 1 ndi lomwe silinapatsidwe gulu, 2 ndi nthaka, 3, 4 ndi 5 ndi zomera kuyambira zazifupi mpaka mitengo italiitali, 6 ndi nyumba, 7 ndi madontho olakwika omwe agwera pansi pa nthaka, 9 ndi madzi, ndipo mu LAS 1.4 muli 17 ya pamwamba pa mlatho ndi 18 ya madontho olakwika a m'mwamba. DTM imamangidwa ndi gulu 2. Ndiye funso lonse lili pa nambala 2 imeneyi, ndani wapatsidwa, ndani wamanidwa. Inde palibe munthu angakhale pansi kulemba manambala pa madontho mabiliyoni pamanja, pali mapulogalamu ochita zimenezi, koma mapulogalamuwo amangoganizira potsata malamulo omwe munthu wawapatsa, saona nthaka.

Njira yakalekale yomwe mpaka pano ikugwirabe ntchito m'makampani ambiri ndi yomwe Peter Axelsson anafotokoza mu 2000. Imayamba ndi kutola dontho lotsikitsitsa m'chigawo chilichonse chachikulu, n'kulumikiza madonthowo kupanga ma triangle akuluakulu, kenako imafunsa dontho lina lililonse kuti uli patali bwanji ndi triangle yomwe ili pansi pako, ndipo wapendekeka motani, likakhala mkati mwa malire lalandiridwa ngati nthaka, ma triangle n'kuwonjezereka, ibwerezenso choncho mpaka palibe lina lolowa. Ina yomwe yatchuka chifukwa imapezeka mwaulere mu pulogalamu ya CloudCompare ndi CSF, ya Wuming Zhang ndi anzake ya mu 2016, ndipo nzeru yake imandisangalatsa: kompyuta imatembenuza point cloud yonse chadodolido, nthaka kumwamba mitengo ndi nyumba kulendewera pansi, kenako imagwetsapo nsalu yongoyerekeza, pomwe nsaluyo yatsamira ndiye nthaka, pamene nyumba ndi mitengo zimasanduka maenje omwe nsaluyo imangodutsa pamwamba pake osalowamo. Koma taonani, munthu ndi amene amasankha kuuma kwa nsaluyo. Mukaiumitsa kwambiri imalephera kutsata zitunda ndi maphompho, madontho a nthaka yeniyeni n'kutsala kunja. Mukaifewetsa kwambiri imalowa m'maenje aja, denga la nyumba yaifupi yotambalala n'kuwerengedwa ngati nthaka. Palibe setting imodzi yomwe imakwanira malo onse, ya pachidikha siigwira kuphiri, ya m'tauni siigwira m'nkhalango, ndipo malo ambiri omwe timapatsidwa amakhala ndi zonsezi pamodzi.

Ndikufotokozereni mmene zimaonekera ukakhala pa kompyuta, chifukwa ndi pomwe mungamvetse chomwe ndikudandaula. Tiyerekeze pali dayiki yotchinga madzi m'mbali mwa mtsinje. Pa hillshade, chithunzi chotuwa cha mithunzi chija chomwe manyuzipepala mumakonda, dayikiyo ikuoneka bwinobwino, mzere wosalala wotsata mtsinje. Tsono dulani kagawo kopyapyala kopingasa dayikiyo, mamita 2 m'lifupi, n'kukayang'ana cham'mbali. Madontho a gulu 2, omwe nthawi zambiri timawapaka bulauni, akukwera bwino m'mbali mwa dayikiyo, kenako chakumtunda asowa, pamwamba penipeni pali kamzere ka madontho otuwa a gulu 1, pulogalamu inawakana chifukwa anakwera mwadzidzidzi ndipo inawayesa khoma. DTM ikamangidwa imalumikiza bulauni wa mbali ino ndi bulauni wa mbali inayo molunjika, mutu wa dayiki wametedwa, pena ndi theka la mita pena kuposa. Injiniya akathira madzi ake ongoyerekeza pa DTM imeneyi, madziwo adumpha dayiki pamalo pomwe zenizeni sangadumphe, lipoti n'kutuluka loti dera lonselo lidzamira. Zimachitikanso mosemphanitsa: mabango kapena udzu wautali wothithikana m'mbali mwa mtsinje, kuwala sikunafike pansi, pulogalamu yatenga pamwamba pa mabangowo ngati nthaka, gombe laoneka lalitali kuposa mmene lilili, lipoti n'kunena kuti kuno madzi safika. Chachiwirichi ndiye choopsa kwambiri chifukwa palibe amene amadandaula akauzidwa kuti malo ake ali bwino. Ndipo zonse ziwiri simungazione muli pamwamba kuyang'ana hillshade, mpaka mudule kagawo.

Madontho a gulu 7 nawo ndi osautsa. Kuwala kukagunda galasi kapena madzi kaye n'kukagundanso china musanabwerere, kumachedwa, makina n'kuganiza kuti kwapita patali, nde mumapeza dontho limodzi lili mamita angapo pansi pa nthaka. Popeza njira zambiri zimayamba ndi kukhulupirira dontho lotsikitsitsa, kadontho kamodzi kameneka kamakoka nthaka yonse yozungulira, pa DTM n'kuoneka dzenje lakuthwa lomwe kulibe. N'chifukwa chake timayamba tachotsa zinyalala zimenezi tisanayambe kufunafuna nthaka, koma wothamanga amadumpha sitepe imeneyi.

Tinene kuti magulu agawidwa bwino. Madontho akadali madontho, omwazikana, pamene mapu amafuna nambala paliponse, ndiye pakati pa dontho ndi dontho payenera kudzazidwa, ndipo apanso pali kusankha. Ena amalumikiza madontho ndi ma triangle, yomwe timati TIN, potsata njira ya Boris Delaunay ya mu 1934, iyi imalemekeza dontho lililonse ndipo imasunga m'mphepete mwakuthwa. Ena amagwiritsa IDW, pomwe malo opanda dontho amabwereka nambala kwa madontho oyandikana nawo, lapafupi kwambiri likhala ndi mawu ambiri, koma iyi imakonda kusiya timizere tozungulira dontho lililonse pomwe madontho ali patalipatali. Ena amangoyala timabokosi n'kutenga avereji kapena dontho lotsikitsitsa m'kabokosi kalikonse, yachangu kwambiri koma imasiya mabowo. Palinso kriging, yotchedwa ndi dzina la Danie Krige, injiniya wa migodi wa ku South Africa, yabwino koma yolemera pa madontho ochuluka chonchi. Kunena zoona pomwe madontho a nthaka ali ambiri njira zonsezi zimapereka pafupifupi zofanana, anthu amangokangana pachabe. Kusiyana kumaonekera pomwe madontho ali ochepa, pansi pa nyumba pomwe palibiretu dontho, ndi pansi pa mitengo yowirira, ndipo pamenepo chomwe mukuona pa mapu si muyeso ayi, ndi kuganizira kwa masamu. Mukaona pa hillshade ma triangle akuluakulu osalala ngati anachita kusema, dziwani kuti pamenepo kuwala sikunafike pansi.

Izi zikundifikitsa pa kukula kwa kabokosi, pomwe ndimakangana ndi anthu kawirikawiri. Kasitomala amabwera n'kunena kuti ndikufuna DTM ya masentimita 10, poganiza kuti kabokosi kakachepa ndiye kuti mapu alondola. Kompyuta siikana, mukalemba 0.1 ikupatsani, fayilo yaikulu yolemera yooneka yapamwamba. Koma ngati ndege inasiya madontho 2 pa sikweya mita imodzi, ndiye kuti mwa timabokosi 100 ta m'sikweya mita imeneyo, 98 tilibe dontho, tangodzazidwa. Ku United States, pulogalamu ya boma ya 3DEP yomwe bungwe lojambula mapu la USGS limayendetsa inaika muyeso wotchedwa QL2, madontho osachepera 2 pa sikweya mita ndi kulakwitsa kwa kukwera kwa masentimita 10 pa malo oyera, ndipo pa data yotere amatulutsa DEM ya mita imodzi, sanamizira kupitirira apo. Onaninso kuti nambala ya madontho yomwe kampani ya ndege imalemba pa lipoti ndi ya madontho onse, pamene omwe afika pa nthaka m'nkhalango amakhala kachigawo kochepa chabe ka nambala imeneyo. Ine sindipereka DTM popanda kuperekanso mapu ena osonyeza kuchuluka kwa madontho a gulu 2 pa malo aliwonse, kuti woigwiritsa ntchito adziwe pomwe angaikhulupirire ndi pomwe ayenera kutumiza saveya wapansi.

Madzi ali ndi nkhani yakeyake. Lidar yambiri ya ndege imagwiritsa kuwala kwa ma nanometre 1064 komwe maso sakuona, ndipo madzi amakumeza kapena kukutaya kumbali, nde pa nyanja ndi pa mitsinje ikuluikulu pamakhala madontho ochepa kapena osakhalapo n'komwe. TIN ikafika pamenepo imakoka ma triangle kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina, nyanja n'kuoneka yamabampu, mtsinje pena n'kumakwera mtunda. Kukonza kwake ndi kujambula mizere ya m'mphepete mwa madzi n'kuuza pulogalamu kuti nyanja ikhale yathyathyathya ndipo mtsinje uzitsika osakwera. Koma ngakhale mutakonza choncho, chomwe muli nacho ndi pamwamba pa madzi a tsiku lomwe ndege inadutsa, pansi pa mtsinje simunapaone. Kuona pansi pa madzi kumafuna lidar ina ya kuwala kobiriwira kwa ma nanometre 532, ndipo nayonso imagwira m'madzi oyera osazama kwambiri, m'madzi amatope imagonja.

Koma chomwe chimapusitsa anthu ambiri kuposa zonse ndi kalavati. Ndege ili kumwamba siingaone paipi yomwe ili pansi pa msewu, imangoona msewu wokwera wopingasa khwawa, basi. Ndiye mu DTM msewu uliwonse wokwezedwa umasanduka damu. Mukauza pulogalamu kuti ikuonetseni komwe madzi amayenda, madziwo afika pa msewu aima, adzaza chigwa chonse kumtunda, kenako atsata msewuwo mpaka apeze potsika podumphira, mwina makilomita kutali ndi pomwe kalavati ili, mapu n'kuonetsa mtsinje pomwe palibe mtsinje, dera lothira madzi mu mtsinje wina n'kupatsidwa kwa wina. Ambiri amangodina fill sinks, yomwe imakwirira maenje onse mpaka madzi apeze potulukira, chigwa chonse kumtunda kwa msewu n'kusanduka bwalo lathyathyathya, vuto labisika koma silinathe. Choyenera ndi kuboola msewuwo mu DTM pamalo pomwe kalavati ili, kaya pamanja kaya ndi zida zoboolera zotchedwa breach zomwe zili mu pulogalamu ya WhiteboxTools ya John Lindsay wa ku University of Guelph, koma kuti muboole pamalo oyenera pamafunika mndandanda wa makalavati kapena munthu wokayenda mu msewumo kukaona. Milatho ndiye bola chifukwa imaoneka, imapatsidwa gulu 17 n'kuchotsedwa kuti mtsinje udutse, ngakhale timilatho tating'ono timaiwalika kawirikawiri. Nde DTM yoyenera wopanga dizayini ya msewu ndi ina, yoyenera wowerengera madzi ndi ina, ngakhale zonse zachokera pa ulendo umodzi wa ndege.

Pali china chomwe sichioneka ndi maso konse. GPS imayeza kukwera kuchokera pa ellipsoid, mpira wosalala wa masamu womwe akatswiri anagwirizana kuti uziimira dziko, pamene madzi satsata mpira umenewo, amatsata mphamvu yokoka ya dziko, ndipo mulingo umenewo ndi womwe timati geoid. Ziwirizi zimasiyana malinga ndi malo, m'nyanja kumwera kwa India geoid ili pansi pa ellipsoid ndi mamita opitirira 100, cha ku New Guinea ili pamwamba ndi mamita pafupifupi 85. Pa malo ang'ono kusiyanaku kumakhala pafupifupi kofanana paliponse, nde DTM imaoneka bwinobwino, zitunda ndi zigwa zonse zili m'malo mwake, mpaka tsiku lomwe mudzaiphatikize ndi manambala a saveya kapena ndi DTM ya kampani ina, mudzangoona phompho lowongoka pomwe ziwirizo zakumana. Mafayilo ambiri a LAZ amayenda opanda chizindikiro chonena kuti kukwera kwake kwawerengedwa kuchokera pati, kaya geoid ya EGM96 kaya ya EGM2008 kaya ellipsoid, ndipo amene anaulutsa ndege mwina anasiya kale ntchito. Za mizere yomwe imatuluka m'malire a ma tile, zidutswa zomwe timagawa data, ukaiwala kusiya buffer yoti zilowerane pang'ono, kapena timasitepe tomwe timaoneka pomwe njira ziwiri za ndege sizinagwirizane bwino, sindichulutsa, izo ndiye zimaoneka msanga kwa aliyense amene akufuna kuona.

Musandimve molakwa Akonzi, sindikunyoza lidar, palibe chida china chofanana nayo pa ntchito imeneyi. Kwa zaka zambiri maiko ochuluka akhala akudalira mapu a kukwera kwa nthaka otchedwa SRTM, omwe chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinajambula ndi radar mu February 2000, timabokosi ta mamita 30, ndipo radar imeneyo inkagunda madenga ndi mitengo kotero nthaka imaoneka yokwera kuposa zenizeni. Mu 2019 Scott Kulp ndi Benjamin Strauss a Climate Central atakonza kulakwitsa kumeneku pogwiritsa lidar ngati muyeso, chiwerengero cha anthu a m'mphepete mwa nyanja zamchere omwe ali pachiopsezo cha kukwera kwa madzi chinachuluka pafupifupi katatu. Nyanja sinasinthe, anthu sanasamuke, chomwe chinasintha ndi mapu a nthaka basi. Ku Oso m'chigawo cha Washington, phiri litagumuka pa 22 March 2014 n'kupha anthu 43, zithunzi za lidar zochotsa mitengo zinaonetsa poyera zipsera za zigumukire zakale m'chigwa chomwecho, zomwe pa chithunzi wamba zinabisika ndi nkhalango. Ku Caracol m'dziko la Belize, Arlen ndi Diane Chase anaulutsa lidar mu 2009 pa malo a masikweya kilomita pafupifupi 200 n'kuona misewu ndi minda yamasitepe ya anthu a Maya pansi pa nkhalango, ndipo mu 2018 kunalengezedwa kuti kumpoto kwa Guatemala lidar yaonetsa zomangamanga zakale zoposa 60,000. Koma apanso taganizani, kachitunda kakafupi ka nyumba yakale kapena kakhoma kogumuka ndi zinthu zomwe setting yosalaza kwambiri ikanazichotsa n'kunena kuti si nthaka. Zinaoneka chifukwa panali anthu odziwa chomwe akufuna, amene anasamala pogawa madontho.

Chomwe chasintha masiku ano n'chakuti zida zafika m'manja mwa aliyense. Pulogalamu ya mapu ya QGIS, yomwe ndi yaulere, inayamba kutsegula point cloud mu version 3.18 m'chaka cha 2021, ndipo kuyambira 3.32 mu 2023 muli zida zosandutsira madontho kukhala raster, mapu a timabokosi aja, pogwiritsa pulogalamu ya PDAL. CloudCompare ndi yaulere, lidR ya mu pulogalamu ya R ndi yaulere, madroni onyamula lidar achuluka, mpaka iPhone 12 Pro ya mu 2020 inabwera ndi lidar yake, ngakhale imeneyo imangofika mamita 5 basi, wina asakunamizeni kuti akujambulirani munda nayo. Izi ndi zabwino ndipo ine ndimalimbikitsa achinyamata kuti aphunzire, koma zabweretsanso anthu ambiri odina batani ndi ma default setting n'kupereka zotsatira madzulo omwewo, osadulako kagawo olo kamodzi. Ndipo wolandirayo, kaya ndi khonsolo kaya kontirakitala, poti chithunzi chakongola, amasayina.

Nde amene mukulipira ntchito yotere, musamalandire chithunzi chokha kapena DTM yokha. Itanitsani LAZ yogawidwa m'magulu, chifukwa DTM yolakwika imatha kumangidwanso ngati madontho alipo, koma madontho akasowa ndiye kuti ndege iulukenso. Funsani tsiku lomwe anaulutsa, chifukwa nthawi yomwe mitengo yayoyola masamba ndi udzu uli waufupi kuwala kumafika pansi kwambiri kusiyana ndi nthawi yomwe kwawirira. Funsani pulogalamu ndi ma setting omwe anagwiritsa pogawa nthaka, ngati munthu anadutsamo kukonza pamanja, komanso ngati makalavati anaboolamo kapena ayi. Koposa zonse funsani ma checkpoint, malo omwe saveya anayeza pansi payekha osagwiritsidwa ntchito pokonza data, ndipo akhale ena pa malo oyera, ena m'udzu, ena pansi pa mitengo, chifukwa kampani ikangoyeza pa tala pokhapokha nambala yake imatuluka yokoma nthawi zonse. Netherlands ndi AHN yawo, ntchito yojambula dziko lonse ndi lidar yomwe anayamba m'zaka za m'ma 1990, England kudzera ku Environment Agency kuyambira 2015, ndi United States, onsewa amaika data yawo ya lidar pa intaneti kuti aliyense atenge mwaulere, ndipo phindu lina la zimenezi n'lakuti maso akachuluka zolakwika zimagwidwa msanga.

Kwa inu Akonzi pempho langa ndi laling'ono. Ulendo wina mukadzalandira chithunzi cha lidar kuti muike m'nyuzipepala, makamaka chokhudza madera omwe akuti adzasefukira kapena sadzasefukira, mtolankhani wanu adzafunse amene wabweretsayo ngati ndi DSM kapena DTM, kabokosi kake ndi kakukula bwanji, ndege inauluka chaka ndi mwezi uti, ndipo mayankhowo mudzawalembe pansi pa chithunzicho. Akadzalephera kuyankha, dzalembeninso zomwezo kuti sanayankhe.

Ndine wowerenga wanu,
Wopanga mapu